Galvanised kapena stainless? Yankho kwa amene akumanga nsanja ya thanki ku Chikwawa

Wowerenga wina watilembera imelo kuchokera ku Chikwawa. Akuti: "Takumba mjigo wakuya mamita 45 pasukulu. Tikufuna kuikamo pampu ya sola, ndipo thanki ya malita 5,000 ikhale pansanja ya mamita 6. Mmisiri wina akuti tigule zonse za galvanised, wina akuti stainless yokha ndiyo singachite dzimbiri. Madzi athu akumveka kamchere. Timvere uti?"

Zikomo bambo polemba. Amisiri onse awiriwo akunena zoona, koma aliyense pambali yake. Chitsulo chokhala panja ndi chitsulo chomizidwa m'madzi sizidyeka mofanana, choncho musagule mtundu umodzi pa ntchito yonse.

Galvanised ndi chitsulo wamba chomwe achiviika mu zinki wosungunuka wotentha pafupifupi madigiri 450. Zinkiyo ndiye amadyeka m'malo mwa chitsulo, moti ngakhale pakandike pang'ono, zinki wa m'mbali amatetezabe pokandikapo. Akatha zinki, dzimbiri limayamba. Ndiye funso lofunika kwa wogulitsa n'lakuti zinkiyo ndi wochindikala bwanji. Chitsulo cha mamilimita 3 mpaka 6 choviikidwa bwino chimakhala ndi ma micron pafupifupi 70, ngati kukula kwa tsitsi limodzi, ndipo kumudzi kopanda utsi wa mafakitale zinki amadyeka micron imodzi pachaka kapena kuchepera apo. Koma mabawuti onyezimira ngati siliva amene adzaza m'mashopu a hardware sanaviikidwe ayi, anangowapaka zinki ndi magetsi, ma micron 5 mpaka 12 basi. Dzinja limodzi kapena awiri, afiira. Oviikidwa enieni ndi otuwa, okhakhala m'manja.

Stainless alibe chokutira. Muli chitsulo china chotchedwa chromium, chosachepera 10.5 peresenti, m'thupi lake lonse, ndipo akakandika amadzitseka yekha akakumana ndi mpweya.

Pa nsanja, tengani galvanised. Thanki yanu ikadzaza ilemera matani 5, ndipo chimene chinyamule katunduyo ndi kuchindikala kwa miyendo ndi zopingasa zake, osati kunyezimira. Stainless wamba, wa mtundu wotchedwa 304, sapambana chitsulo wamba pa mphamvu yokana kupindika, pomwe mtengo wake ndi wowirikiza kangapo. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku angle iron yokhuthala ndi maziko abwino.

Vuto la nsanja za galvanised limabwera pomwe mmisiri wawotcherera. Moto umapsereza zinki, ndipo pamsokopo ndi pomwe dzimbiri limayambira. Mmisiri apale zinki ndi grinder masentimita 3 mpaka 5 mbali zonse asanawotcherere, akatha achotse makoko ndi burashi yawaya, kenaka apake penti ya zinki kawiri tsiku lomwelo. Utsi woyera uja wotuluka powotcherera galvanised umadwalitsa: madzulo munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Awotcherere panja, mphepo ikuchotsa utsi kumaso, atavala chotchinga mphuno choyenera. Mkaka umene ena amamwa suteteza chilichonse. Ngati n'kotheka, nsanja ikhale yomanga ndi mabawuti oviikidwa olembedwa 8.8 pamutu (nambala yosonyeza kulimba kwake), kuwotcherera kuchepe. Miyendo isakhudze dothi. Ikhale pa zipilala za konkire zokwera masentimita 15 mpaka 20, pamwamba pake potsetsereka kuti madzi asadikhe.

Tsopano m'mjigo, apa ndiye pamene tikukupemphani mutchere khutu. Musaikemo paipi ya galvanised. Zinki sapirira madzi owawasa, a pH yotsika kuposa 6.5, ndipo mchere umafulumiza kudyekako. Madera ambiri a m'chigwa cha Shire ali ndi madzi apansi amchere, ndipo inu mwaumva kale pakamwa. Paipi imayamba kudyeka m'mazinga, chifukwa podula mazinga zinki amachoka ndipo khoma limapyapyala. Thupi la pampu za sola zambiri ndi stainless. Mukalumikiza paipi ya galvanised pamenepo, zitsulo ziwirizo zili m'madzi zimakhala ngati batire, ndipo chodyeka ndi galvanised. Poyamba madzi a m'mawa amatuluka ofiira, akununkha chitsulo, nsima imada, zovala zoyera zimathimbirira. Kenaka tsiku lina paipi imaduka pa mazinga, pampu n'kugwera pansi pa mjigo. Mijigo ya Afridev imene ili ponseponse m'midzi mwathu imakweza madzi ndi mapaipi a PVC, ndipo komwe madzi ndi aukali amaikamo ndodo za stainless, pa chifukwa chomwechi.

Chokweza madzi chikhale paipi yakuda ya pulasitiki ya HDPE, yamtundu wa PN10 kapena kuposa (nambalayi imasonyeza mphamvu ya madzi imene paipi ingapirire), ya mamilimita 32 kapena 40 malinga ndi kamwa la pampu, yautali umodzi wopanda mfundo kuchoka pa pampu kufika pamwamba. Cholumikizira pa pampu, zomangira ndi tizitsulo tonse ta m'madzi zikhale stainless, ndipo pampu imangidwe ndi chingwe chachitetezo cha pulasitiki ya polypropylene.

Stainless yakenso muisankhe. Wa 304 ali ndi chromium 18 ndi nickel 8 peresenti, ndipo amakhala bwino ngati chloride (gawo la mchere wa m'madzi) sapitirira mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita. Kupitirira apo amabooka timabowo ting'onoting'ono ngati ta singano, makamaka pansi pa washala ndi m'mazinga momwe mpweya sufika. Wa 316 alinso ndi chitsulo china chotchedwa molybdenum, 2 mpaka 3 peresenti, ndipo amapirira mpaka pafupifupi 1,000. Choncho musanagule kanthu, tengani madzi m'botolo loyera mutapopa kwa mphindi zingapo, akayezedwe pH ndi chloride. Ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu ikulozerani koyezetsa. Pa mabawuti, A2 ndi 304, A4 ndi 316, zalembedwa pamutu. Maginito asakunamizeni: kawirikawiri sagwira 304 ndi 316, komanso sagwira 201, stainless wotchipa amene amachita mawanga msanga. Maginito amangokuthandizani kuzindikira stainless wa mtundu wa 430 ndi chitsulo wamba chopakidwa, zomwe maginito amagwira.

Pomwe zitsulo ziwirizi zikumana panja, onani chachikulu ndi chiti. Bawuti ya stainless pa chitsulo chachikulu cha galvanised sivuta kwenikweni, makamaka mukaika washala wa nayiloni pakati. Bawuti ya galvanised pa mbale yaikulu ya stainless ndiye imadyeka msangamsanga, chifukwa kudyeka konse kumasonkhana pa kabawutiko. Pa mapaipi, ikani cholumikizira cha pulasitiki pakati pawo.

Mmisiri wanu adziwenso izi. Mabawuti a stainless amalumana akamangidwa mothamanga ali ouma, nati n'kukanika kupita kapena kubwerera. Apake mafuta oletsa kulumana (anti-seize) pa mazinga ndi kumanga pang'onopang'ono ndi sipanala. Disiki ya grinder kapena burashi imene yagwira chitsulo wamba isakhudze stainless, imasiya tizidutswa timene timachita dzimbiri pamwamba. Ndipo akafuna kuwotcherera, ndodo zake ndi 308L pa 304, 316L pa 316, ndi 309L polumikiza stainless ndi chitsulo wamba.