Sanapite ku maliro a amai awo nthawi ya korona, manje akuti asabwere ku chiliza

Sabata yatha ndinalandira email kuchokera kwa asisi ena amene amakhala ku Kitwe koma kwao ndi ku Chadiza. Akuti amai awo anamwalira mu Julaye 2021, iwo sanapite ku maliro chifukwa anali ndi pakati pa miyezi 7 ndipo korona inali itavuta, anangotumiza ndalama ya bokosi pa foni. Manje abale akonza zovundukula chiliza ndipo azakhali awo anena kuti amene sanaponye dothi asabwere kudzadya nyama. Funso lawo ndi loti apite kapena akhale.

Asisi, email yanu ndinaiwerenga katatu, kenako ndinazimitsa foni nkukakhala kuseri kwa nyumba chifukwa misozi inali itayamba kale. Ine ndine uja amene anapita ku maliro nthawi yomweyo. Ndikuuzani momwe zinathera.

Ndiyambe kumbuyo pang'ono chifukwa anthu tayiwala msanga momwe tinakhalira. Pa 29 Febuluwale 2020 ine ndinali ku Mtenguleni ku Nc'wala kugulitsa zitenje, anthu piringupiringu, fumbi, kugwirana chanza ndi aliyense, ndipo mantha athu nthawi imeneyo anali a gassing, anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzawo usiku, azibambo kugona panja ndi zibonga kulondera nyumba. Korona tinkaimva pa wailesi ngati nkhani ya ku China ndi ku Italy. Pa 18 Malichi boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka nayo ku Lusaka, banja lomwe linali litabwerako ku ulendo wa ku France, pa 20 masukulu onse anatseka, ndipo basi moyo wa pakhomo panga unatembenuka. Amuna anga anali kuphika pa loji ina ku Mfuwe, alendo oona nyama analeka kubwera, mwezi woyamba anawapatsa hafu ya malipiro, kenako anangowauza kuti pitani kunyumba tidzakuitanani. Anabwera ndi chikwama chimodzi ndi mipeni yawo iwiri. Ndiye tinakhala anthu 7 m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Kapata mu Chipata, ine, iwo, ana atatu, apongozi anga ndi mwana wa mng'ono wanga.

Amene ali ndi ana adziwa, mwana akakhala pakhomo tsiku lonse mimba yake imatseguka. Thumba la unga la 25kg lomwe linkatikwanira milungu itatu linayamba kutha milungu iwiri isanakwane, ndipo masiku ena kumapeto kwa mwezi tinafika pogula pamela, timapaketi ting'onoting'ono ta unga. Malaiti ankapita maola ambirimbiri ndiye mbaula inali yosazima, malasha nawo kukwera. Bizinesi yanga ya zitenje inali yodalira kuyenda, Kamwala ku Lusaka, nthawi zina Lilongwe kudzera pa Mwami, ndipo kwacha inagwa tikuona, dola yomwe inali cha m'ma K14 kumayambiriro kwa chaka inadutsa K20 chaka chisanathe, ndiye ngakhale ukanafika ku Kamwala ndalama yako inali yogula hafu ya katundu. Chinatipulumutsa ndi makina a Singer a apongozi. Iwo maso anali atachepa koma manja ankadziwa, ankadula tizidutswa ta zitenje ine nkumasoka ma mask, mwana wanga woyamba kulowetsa malasitiki, amuna anga kukagulitsa pa Saturday Market ndi ku Down Shops. Usiku tonse kufukiza ndi masamba a bulugama, bulangete kumutu, kenako tiyi wa jinja ndi mandimu. Sindikunena kuti zimenezi zinachiza munthu, koma zinkatipatsa chochita ndi manja mtima ukamathamanga.

Ndipo mukumbukire kuti ku Zambia kuno sanatitsekere m'nyumba dziko lonse ngati ku South Africa. Anatseka Kafue mu Epulo, Nakonde mu Meyi, mabala anatsekedwa, misonkhano anachepetsa, koma mabasi ankayenda. Ku Malawi boma linafuna kutseka dziko masiku 21 khoti linakana. Ndiye mwaona vuto lake, msewu unali wotsegula, palibe wapolisi amene anakuletsani, chisankho chonse anachisiya pamutu pa munthu mmodzimmodzi. Amene anatsekeredwa ndi boma ali ndi poyankhira, amati malamulo. Ife a kuno tilibe, ndiye chifukwa chake mpaka lero timalozana zala m'mabanja.

Juni 2021 ndi mwezi womwe sindifuna kuukumbukira. Kunazizira, masukulu anatsekanso, pa Facebook chithunzi chilichonse chinali cha kandulo, nkhani zinali za mabedi kudzaza ndi oxygen kuchepa. A Kaunda anamwalira pa 17 Juni ali ndi zaka 97 dziko lonse lili pa maliro, ndipo sabata yotsatira usiku cha m'ma 23 hours mlamu wanga anaimba kuchokera ku Lusaka, sanalankhule, ndinangomva kulira. Alongo anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amai, amene anandilipirira sukulu mpaka giredi 12. Anadwala masiku 6 chabe.

Amuna anga anati usapite. Anandigwira dzanja nkunena kuti amake mwana, muno muli amai okalamba, ganiza. Koma amai anga ali kumudzi ndi BP sakanatha kuyenda, anandiimbira m'mawa nkunena mau amodzi okha, ukandionereko mwana wanga. Inu mukanatani? Ndinavala ma mask awiri, ndinakwera basi ya 5 koloko.

Msewu wa Great East ine ndinaukonda kuyambira ndili mwana. Ulendo woyamba ndinapita ndi atate pa basi ya UBZ ndili ndi zaka 9, ndikukumbuka anandinyamula pawindo kuti ndione mtsinje wa Luangwa tikuwoloka buliji, ndipo kuyambira pamenepo makilomita oposa 500 amenewa ndawayenda kosawerengeka. Basi ya ku Chipata ndi mudzi woyenda. Mlaliki amayamba tisanatuluke mu steshoni, pofika pa Katete mwadziwana kale ndi amene mwakhala naye, pa Nyimba nthochi zimalowa pawindo, pa Luangwa mumatsika kugula nsomba zouma ndi madengu, mwana wa munthu wosamudziwa amagona pamiyendo pako mpaka pa Chongwe. Tsiku limenelo munali zii. Kondakitala anatipopera sanitizer m'manja pakhomo, palibe mlaliki, palibe nyimbo. Pa Sinda anakwera bambo wina amene anakhala kumbuyo kwanga nkuyamba kutsokomola, chifuwa chouma chija, ndipo ndinaona makosi a anthu onse akuuma, wina anatsegula windo mphepo ya Juni nkulowa ngati mpeni, wina anakuwa kuti tsekani muli ana, anthu akuluakulu kutsala pang'ono kumenyana chifukwa cha windo.

Pambali panga panali ambuya ena ochokera ku Petauke, ang'onoang'ono, mask yawo ya chitenje itatsikira pachibwano. Anaona kuti ndikulira, sanafunse kanthu, anamasula kansalu kawo nkutulutsa mbatata yophika, anaiswa pakati ndi zala nkundipatsa. Ine ndinakana. Ndinati zikomo ambuya ndakhuta, chonsecho ndinali ndisanadye kuyambira dzulo lake, ndinangoona zala zawo pa mbatata ija nkuchita mantha. Anaibweza m'kansalu pang'onopang'ono, iwonso sanadye. Pa zonse za chaka chimenecho ichi chimandibwerera kwambiri, ndikamaswa mbatata m'mawa ndimawaona.

Nanga ku Lusaka ndinakapeza chiyani? Amai anati ukandionereko mwana wanga, koma nkhope sitinaone. Bokosi linachoka ku mochale molunjika ku Chingwere, lotseka, anthu anatiwerenga kuti tisapitirire 50, abusa anafupikitsa pemphero, manda ena atatu pafupi nafe analinso ndi anthu awo akudikira. Mlamu wanga anagwa pansi ine nditaima patali, sindinamukumbatire, mkazi amene ndinamuvinira pa chinkhoswe chake. Panyumba ya maliro sitinagone, palibe moto wa usiku, palibe nyimbo za azimai a mpingo mpaka mbandakucha. Dothi ndinaponya, inde. Azakhali anu akalifuna dothi limenelo ine ndinaliponya, ndipo ndikukuuzani kuti silinandichotsere kanthu mumtima, ndinabwerera ndi chisoni chomwe ndinapita nacho kuphatikiza jekete la alongo anga lomwe ndinatengera amai.

Nditafika ku Chipata sindinalowe m'nyumba. Ndinadzitsekera m'kachipinda ka kunja komwe ndimasungira mabelo a zitenje, mphasa pansi, ndowa pakona. Chakudya ankandiikira pakhomo. Mwana wanga womaliza anali ndi zaka 3, samamvetsa, ankabwera m'mawa uliwonse kugona pansi nkulowetsa tizala take pansi pa chitseko kuti amama ndigwireni, ine ndili mkati kuluma chitenje kuti asamve kuti ndikulira. Tsiku lachinayi ndinatenga sopo kuti ndisambe, sindinamve fungo. Ndinanunkhiza Vicks, palibe. Atandiyeza anati ndili nayo. Ine inandipweteka mutu ndi msana sabata imodzi nkupita, amuna anga chimodzimodzi, koma apongozi inawagwetsa, anagona kuchipatala masiku 9 pa oxygen. Anatuluka amoyo, Mulungu ndi wabwino, koma mphamvu zawo sizinabwerere, makina aja sanawapondenso mpaka pomwe anatisiya. Ndipo mwana wawo wamkazi anaima pabwalo panga anthu akumva nkunena kuti ndinapita kukatenga imfa ku Lusaka kudzapatsa amai ake.

Ndiye mwaona asisi. Inu munakhala, akuti mulibe chikondi. Ine ndinapita, akuti ndine wakupha. Apa ndiye ndimakwiya ndipo sindibisa, azakhali anu alakwa. Munthu wa pakati pa miyezi 7, mabasi awiri, Kitwe mpaka Lusaka, Lusaka mpaka kummawa, tsiku ndi theka m'kati mwa anthu otsokomola, nthawi yomwe katemera anali atangoyamba mu Epulo ndipo ambiri tinali tisanabaye, amafuna mukwirire anthu angati chaka chimenecho? Ngakhale Kulamba ku Mkaika, komwe Achewa a maiko atatu amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi chaka ndi chaka, mu 2020 sikunachitike. Ngati mafumu anaona kuti mwambo ungadikire moyo wa anthu, ndani amene anganene kuti inu munaphwanya mwambo? Ndipo mau oti kudzadya nyama amandiwawa kwambiri, ngati munthu angakwere basi kuchokera ku Copperbelt chifukwa cha nthuli ya mbuzi pa manda a amai ake omubereka.

Za azakhali anu

Koma nditakwiya ndinakhalanso pansi kuganiza za iwo, chifukwa mlamu wanga uja, mwana wa apongozi amene anandinena pabwalo, tinadzakhululukirana patapita zaka ziwiri ndipo zomwe anandiuza zinanditsegula maso. Anati sanali kudana ndi ine, anali ndi mantha ndipo mantha anasowa pogwera. Azakhali anu mwina ndi amene anasunga amai anu masiku omaliza, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, anthu a m'mudzi akuopa kulowa m'nyumba, ndipo pa tsiku loika anayang'ana kumsewu kudikira mwana wa malemu osamuona. Ndalama ya pa foni imagula bokosi koma sikhala nawe pamphasa usiku. Chilonda chawo ndi chenicheni ngakhale mau awo ndi olakwa, ndipo ndikukayika ngati pali amene anawauzapo kuti zikomo munagwira ntchito.

Ndiye pitani. Manda ndi a amai anu, palibe amene angakuletseni. Musayambe ndi azakhali pa WhatsApp, imbirani atsibweni anu kapena amene ali mwini mbumba kwanuko, muwauze kuti mukubwera ndipo akhale pakati. Mufike masiku awiri mwambo usanachitike osati m'mawa wa tsikulo ngati mlendo, mutenge chitenje, shuga ndi sopo za azakhali pa iwo okha, ndipo ngati pa simenti kapena pa chakudya pali chotsala muikepo dzanja. Mukakhala nawo musawerenge madeti ndi malamulo a boma ngati ndachitira ine pano, mugwade munene kuti azakhali munandisungira amai ine kulibe, zikomo. Akakalipa asiyeni akalipe mpaka atope. M'mawa kwambiri anthu asanadzuke mupemphe munthu mmodzi akuperekezeni ku manda mukalire maliro anu omwe simunalire.

Ndipo mwana uja amene anali m'mimba musamusiye ku Kitwe. Mumutenge, azakhali amunyamule, akamuonetse pomwe pagona ambuye ake.