Kodi Ndiyambire Chimbale Chiti cha Casiopea?

FUNSO: Akonzi, mwezi watha ndinamva pa YouTube nyimbo yopanda mawu yotchedwa Asayake, ya gulu la ku Japan la Casiopea, ndipo mpaka lero sinachoke m'mutu mwanga. Popeza gululi lili ndi zimbale zambirimbiri, kodi ndiyambire pati? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Zikomo kwambiri, owerenga athu. Yambani ndi Mint Jams, chimbale cha mu 1982, kenako mubwerere m'mbuyo kuti mumve kumene gululi linachokera.

Casiopea inayambitsidwa mu 1976 ndi Issei Noro, woimba gitala, ndi Tetsuo Sakurai, woimba besi, ndipo Minoru Mukaiya wa kiyibodi anadzalowa chaka chotsatira. Chimbale chawo choyamba, chotchedwanso Casiopea, chinatuluka mu 1979 pansi pa kampani ya Alfa Records, ndipo m'menemo anathandizidwa ndi akatswiri a malipenga a ku America, abale awiri Randy ndi Michael Brecker pamodzi ndi David Sanborn. Asayake yomwe yakugwirani mtimayo, dzina lake limanena za kufiira kwa thambo m'bandakucha, ndipo inamveka koyamba m'chimbale chachiwiri, Super Flight, cha chaka chomwecho.

Zimbale ziwirizi n'zabwino, koma kwa ine gululi linali lisanadzipeze. Chimene chinasintha zinthu ndi kubwera kwa woimba ng'oma Akira Jimbo mu 1980, yemwe analowa m'malo mwa Takashi Sasaki. Kaimbidwe ka Jimbo n'kopepuka koma kosaphonya ngakhale pang'ono, ndipo besi ya Sakurai, yomwe amaimenya ndi chala chachikulu, inapeza mnzake woyenda naye limodzi.

N'chifukwa chake ndikukulozerani Mint Jams. Anaijambula pamaso pa anthu mumzinda wa Tokyo mu Febuluwale 1982, koma phokoso la omvera analichotsa pafupifupi lonse, moti munthu angalumbire kuti ndi ya mu situdiyo. Muli nyimbo 7 zokha, ndipo zina mwa izo, monga Time Limit, Midnight Rendezvous ndi Asayake, ndi zakale zomwe anaziimbanso zitakhwima m'manja mwawo. Mukamvera Asayake ya mu Super Flight kenako ya mu Mint Jams, mudzaona kuti yoyambayo ndi yofatsa, pomwe yachiwiriyo ikuthamanga ndipo gitala ya Noro ikuluma. Pa Domino Line tcherani khutu pamene oimbawo akulandizana mawu a zida zawo, wina akagunda mnzake n'kutsatira, besi ndi ng'oma zisanapatsidwe mpata woimba pazokha. Dzina la chimbalechi analipanga posakaniza zilembo zoyamba za mayina a oimba anayiwo, Noro, Sakurai, Mukaiya ndi Jimbo.

Mukakhuta nacho, pitani ku Make Up City ya mu 1980 ndi Eyes of the Mind ya mu 1981, yomwe anakaijambula ku Los Angeles motsogozedwa ndi woimba ng'oma wa ku America, Harvey Mason.