Kutukwana mu gemu ya malupanga ndi zinjoka: ikanimo, koma osati paliponse

Achimwene, mwafunsa ngati muikemo mawu otukwana mu RPG (gemu imene wosewera amakhala munthu wa m'nthano) imene mukulemba ndi anzanu, ya dziko longopeka la afiti, malupanga ndi zinjoka. Mwati wina akuti popanda kutukwana asilikali anu akumveka ngati ana a kwaya, pomwe wina akuti mawu otukwana a masiku ano akumutulutsa m'nthanomo. Onse awiri akunena zoona. Ine ndingati ikanimo ndithu, koma musayambe ndi kusankha mawu. Yambani mwadziwa kuti anthu a m'dziko lanulo amalemekeza chiyani, amaopa chiyani, nanga chimawachititsa manyazi n'chiyani, chifukwa munthu akapsa mtima amatola mawu pa zinthu zitatu zimenezi.

Taonani mmene BioWare inachitira mu Dragon Age: Origins ya 2009. Anthu akadabwa kapena akakwiya amatchula Maker, mulungu wawo, kapena Andraste, mneneri wamkazi amene anaphedwa pomutentha pamoto. Ma dwarf, mtundu wa anthu aafupi okhala pansi pa nthaka ku Orzammar, sapembedza Maker, choncho iwo amalumbira pa Mwala ndi pa makolo awo. Anthu amanyoza ma elf, mtundu wina wa m'dzikolo, powatcha "knife-ear" chifukwa cha makutu awo osongoka, ma elf nawo amabwezera ndi "shem". Simufunika kuwerenga mbiri yonse ya dzikolo kuti mudziwe amene ali pamwamba ndi amene akuponderezedwa. Mwangomva anthu awiri akulalatirana, basi mwadziwa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri chili koyambirira kwa Skyrim ya 2011. Akaidi aima pamzere ku Helgen kudikira kudulidwa mitu, wansembe wamkazi akuwapempherera m'dzina la milungu isanu ndi itatu. Mmodzi wa akaidiwo, msilikali wa Stormcloak, gulu loukira ufumu, akumudula pakamwa potchula dzina la Talos, n'kumuuza kuti atseke pakamwa zithe msanga. Talos ndiye mulungu wachisanu ndi chinayi amene ufumu unaletsa kumupembedza, ndipo chiletsocho ndi chimodzi mwa zifukwa za nkhondo yonse ya mu gemuyo. Palibe liwu lolaula ngakhale limodzi, koma mwanowo wafika, ndipo wakuuzani mbali imene munthuyo ali. Chipongwe china chofala mu Skyrim ndi "milk drinker". Kwa a Nord, eni dziko la Skyrim, amene amanyadira mowa wa uchi ndi nkhondo, kukutcha womwa mkaka n'kukuuza kuti ndiwe wamantha.

Apa mwina mwaona kale kuti zimene tikuzitcha kutukwana si chinthu chimodzi. Pali kulumbira pa milungu, pali kutemberera, pali kunyoza mtundu kapena ntchito ya munthu, ndiye pali kulaula kotchula ziwalo ndi za kuchipinda. Zitatu zoyambazo zimafuna kuti muzipange nokha kuchokera m'dziko lanu. Chachinayicho ndicho mukukanganirana ndi anzanu.

Pa kulaulako, kasewereni The Witcher 3 ya 2015, ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland. Mawu ake ndi olaula enieni, osabisa, ndipo sakhumudwitsa chifukwa Velen ndi dera losakazidwa ndi nkhondo, lodzaza ndi mitembo yopachikidwa m'mitengo, achiwembu ndi asilikali othawa. Bloody Baron, chidakwa chozunza mkazi wake, akanalankhula mwaulemu palibe akanamukhulupirira. Koma mvetserani bwino. Mfumu Emhyr salankhula choncho; mawu ake ndi ozizira, owerengeka, ndipo amaopsa kuposa onse otukwana aja. Mukafika ku Toussaint mu Blood and Wine ya 2016, gawo lowonjezera la gemuyo, mupeza asilikali apamahatchi olankhula mokometsera, olumbira pa ulemu wawo. Kusiyanako ndiko kumapatsa mphamvu mawu olaulawo. Aliyense akamalaula mofanana, kuyambira mfumu mpaka wogulitsa mankhwala, ndiye kuti akulankhula ndi wolemba, anthuwo asowa.

Baldur's Gate 3 ya Larian Studios, ya 2023, imachita zomwezo pa gulu limodzi la anthu oyenda limodzi. Karlach, amene wamenya nkhondo zaka zambiri ku Avernus, dera la ku gehena, amalaula momasuka, mwachisangalalo ngakhale. Lae'zel amatukwana m'chilankhulo cha a githyanki, ndipo aliyense amene si wa mtundu wake ndi "istik". Gale amazungulira ndi mawu ataliatali. Mutabisa mayina, mukhoza kudziwabe amene walankhula. Yesani zimenezi pa zolemba zanu: fufutani mayina, mupatse mnzanu awerenge, muone ngati azindikire.

Pa nkhani yopeka mawu atsopano, chenjerani. Kutenga liwu lolaula lodziwika n'kusintha zilembo ziwiri sikupusitsa munthu. Wosewera amamva liwu lenilenilo m'mutu mwake, n'kuonanso kuti wolemba anachita mantha. Mawu opeka amagwira akakhala ndi mizu. Mu Morrowind ya 2002, a Dunmer, eni dzikolo, amakukuwiza kuti "n'wah", liwu lonyoza mlendo, ndipo limapweteka chifukwa gemu yonse imakukumbutsa kuti kuno suli kwanu. Mu Planescape: Torment ya 1999 mzinda wa Sigil uli ndi kalankhulidwe kakekake, ka "berk" ndi "cutter", ndipo kamamveka bwino popeza mzinda wonse umalankhula choncho. Mawu opeka atatu kapena anayi, obwerezedwa mpaka wosewera atawazolowera, amakwana. Makumi awiri ndi mtolo.

Zoika zizindikiro m'malo mwa liwu, monga Final Fantasy VII ya 1997 inkachitira pa Barret ndi Cid, zimaseketsa, choncho zisiyireni gemu yanthabwala. Final Fantasy XVI ya 2023 inapita mbali inayo, inalaula poyera n'kulandira M (ya zaka 17 kupita m'mwamba) kuchokera ku ESRB, bungwe loika misinkhu ya osewera pa magemu, koyamba pa magemu akuluakulu a mndandandawo. Kwa ine, pena zinkamveka ngati akufuna kutitsimikizira kuti akula.

Tsopano chinthu chimene olemba atsopano ambiri sachiganizira: gemu si buku. Chiganizo cha m'buku chimawerengedwa kamodzi. Mu RPG muli timawu tija timene mlonda amanena mukamadutsa, kapena mdani akamakuthamangirani, ndipo wosewera adzatimva kambirimbiri pa maola makumi angapo. Liwu lamphamvu likakhala m'timawu timeneti, pofika ola lachitatu lasanduka phokoso, pofika lakhumi likutopetsa. M'malo obwerezabwerezawa ikanimo kulumbira kopepuka kwa pa milungu, ndipo chiganizo chilichonse chikhale ndi zinzake zingapo zosinthana nazo. Mawu olemera asungireni zochitika zimene zimaoneka kamodzi: mnzake wafa, wina wapereka gulu kwa adani, mpanda wa mzinda wagwa. Ndipo ngati muli ndi munthu wodekha amene sanatukwanepo gemu yonse, tsiku limene adzatukwane wosewera adzaimika kaye manja.

Wosewera mwiniwakeyo musamuike mawu m'kamwa. Ngati pa zosankha mwalemba mwachidule kuti "Kana", ndiye munthu wake n'kutulutsa chitukwano cha mizere itatu, mwamulanda munthu amene wakhala akumuumba. Yankho lamwano lizioneka kuti ndi lamwano asanalidine, ndipo pambali pake pakhale lina lokana mwaulemu. Anthu a mu gemu aziyankhanso molingana. Kutukwana mkulu wa asilikali pamaso pa anyamata ake kukhale ndi mtengo wake, apo ayi chosankhacho n'chokongoletsera chabe.

Za msinkhu wa osewera gwirizanani lero, musanalembe zambiri. ESRB, imene inayamba mu 1994 ku North America, imasiyanitsa mawu oipa pang'ono ndi olaula kwambiri, ndipo olaula kwambiriwo amakankhira gemu ku M, ya zaka 17 kupita m'mwamba. PEGI ya ku Ulaya, ya 2003, ili ndi misinkhu ya 3, 7, 12, 16 ndi 18; kutukwana kopepuka kumaloledwa pa 12, koma mawu olaula a zogonana amayambira pa 16. Mukafuna kuika gemu pa Google Play mudzayankha mafunso a IARC, oikira gemu msinkhu wa osewera, ndipo za mawu otukwana zilimo. Yankhani zoona, ngakhale liwulo lili m'phanga lobisika limene ochepa adzalipeze. Batani lozimitsira kutukwana ndi labwino kukhala nalo. Brütal Legend ya 2009, ngakhale si RPG, imafunsa wosewera koyambirira ngati akufuna kumva mawuwo kapena aphimbidwe. Koma musadalire kuti batanilo litsitsa msinkhu, popeza mawuwo akadali mu gemumo. Mukafuna batanilo, lembani ziganizo ziwiriziwiri, cholaula ndi chosalaula, kuyambira pano, chifukwa kubwerera kudzasaka liwu lililonse m'mafayilo mazana ndi ntchito yowawa, makamaka ngati mawu ajambulidwa kale.

Chimodzi chokha ndikuletsani: mawu enieni onyoza khungu, mtundu kapena ulumali wa anthu amoyo. Dziko lanu likhoza kukhala ndi tsankho lake, ndi mayina ake achipongwe monga a Dragon Age aja, popanda kubwereka chipongwe chimene wosewera wina anatukwanidwa nacho dzulo.

Mkangano wanu ndi anzanuwo muuthetse pa pepala. Tengani chochitika chimodzi cha asilikali aja, muchilembe katatu: koyamba ndi kulumbira pa milungu yanu kokha, kachiwiri ndi kulaula kwenikweni, kachitatu msilikali mmodzi yekha azilaula, enawo azilumbira. Muwerenge mokweza, aliyense atenge munthu wake. Ine ndikubetcha pa chachitatucho. Mukatero ponyani zonse zitatu muno m'gulu, ndipo mutiuzenso mayina a milungu yanu, tikuthandizeni kupeza zoti asilikaliwo azilumbirira.