Tigalimoto ta Malemu Bambo: Kaundula Ayambe, Inshuwaransi Ibwere Pambuyo

Mphunzitsi wina wa ku Bembeke wanditumizira kalata pa imelo yofunsa za tigalimoto tachitsulo timene malemu bambo ake anamusiyira. Akuti tilipo pafupifupi 140. Tambiri ndi ta Matchbox ndi Corgi timene mkuluyo ankagula ali pantchito ku Harare ndi ku Joni, ndipo mwini kalatayo wakhala akuwonjezerapo ta Hot Wheels timene amatola pa kaunjika. Mwezi watha akuba anathyola nyumba ya mnansi wake, choncho akufuna kudziwa ngati kampani ya inshuwaransi ingavomere kuteteza katundu wotere, komanso kuti ayambire pati.

Bambo, kampani ikhoza kuvomera, koma musakwere basi ya ku Lilongwe musanalembe kaundula wa tigalimoto tanuto. Kampani siilipira chifukwa munthu walira kuti wataya chuma cha bambo ake, imalipira chimene munthuyo angasonyeze kuti anali nacho komanso mtengo wake. Mukangouza kalaliki kuti muli ndi tigalimoto 140, iye adzamva kuti muli ndi zidole za ana, ndipo tsiku la ngozi adzatiwerengera mtengo wa zidole.

Gulani kope lachikuto cholimba, ndipo kagalimoto kalikonse mukapatse nambala yake ndi mzere wake. Nambalayo musailembe pa kagalimoto penipeni, ngakhale ndi pensulo, koma pa kapepala komangirira ndi ulusi. Kenako katembenuzeni chagada, pakuti zambiri zimene mukufuna zinalembedwa kunsi kwake: dzina la kampani, dziko limene kanapangidwira, dzina la galimoto, ndipo kawirikawiri nambala ya mtundu wake. Matchbox inayambitsidwa mu 1953 ndi kampani ya Lesney ya ku London, ndipo kagalimoto kolembedwa Lesney ndi England ndi ka nthawi ya kampaniyo, imene inagwa mu 1982. Itagwa, ntchito inasamukira ku Macau, kenako ku Thailand ndi ku China. Mukaona mawu akuti Superfast ndi matayala opyapyala othamanga, dziwani kuti kanapangidwa kuyambira 1969, pamene Lesney inkalimbana ndi Hot Wheels imene Mattel inatulutsa mu 1968. Corgi inayamba mu 1956 ndipo fakitale yake inali ku Swansea. Ngati pali ka Dinky kolembedwa Meccano ndi England, kaikeni pambali, popeza ndi kakale: fakitale ya Meccano ya ku Liverpool, imene inkapanga Dinky, inatsekedwa mu 1979.

Pa Hot Wheels pali msampha umene wakola anthu ambiri. Chaka cholembedwa kunsi si chaka chimene kagalimotoko kanapangidwa, koma chimene chikombole chake chinalembetsedwa, ndipo chikombole chimodzi chimagwira ntchito zaka zambiri. Kolembedwa chaka chakale koma kochokera ku Malaysia si ka masiku oyambirira ayi. Toyambirira tinkapangidwa ku America ndi ku Hong Kong, ndipo tinali ndi mzere wofiira kuzungulira tayala. Ndikunena izi kuti musalembe mitengo ya m'maloto m'kaundula, chifukwa woyesa mitengo akapeza bodza limodzi, ngakhale losadziwa, amayamba kukayikira kope lonse.

Pamzere womwewo lembani mtundu wa penti, kukula kwake ngati kwalembedwa (1:64, 1:43 kapena 1:18), ndi mmene kalili lero mosabisa: penti yakanyuka pati, galasi ndi losweka kapena ayi, matayala onse alipo, zitseko zikutseguka. Lembaninso ngati kabokosi kake kalipo, pakuti kwa osonkhanitsa zinthu zimenezi kabokosi koyambirira kamakweza mtengo kwambiri, nthawi zina kuposa kuwirikiza. Ndipo chonde musapakenso penti. Ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, tinazolowera kuti chidole chikatha timachikonza, koma pamsika uwu kagalimoto kokanyuka ndi penti yake yoyamba kamaposa kopakidwanso mwaluso.

Mukatha kulemba, jambulani ndi foni kagalimoto kalikonse mbali zonse ziwiri, kunsi, ndi pamodzi ndi kabokosi kake, kapepala ka nambala kakuoneka. Jambulaninso kabati yonse yosungiramo tigalimoto mmene ilili m'chipinda, kuti pakhale umboni woti katunduyu anali m'nyumba mwanumo. Zithunzizo ndi masamba a kope mudzitumizire nokha pa imelo, kapena muziike pa Google Drive, chifukwa moto ukagwira nyumba, kope ndi foni zimapsera limodzi ndi tigalimoto.

Za mtengo ndiye pamafunika mtima wodekha. Kuno kwathu msika wa zinthu zimenezi ndi wochepa, kotero mudzadalira mitengo yakunja. Pa eBay, msika wa pa intaneti, musayang'ane mtengo umene wogulitsa akuitanira, koma sankhani kuona zimene zinagulidwa kale, ndipo muyerekeze ndi kagalimoto kofanana ndi kanu pa mtundu, penti ndi kabokosi. Kampani ya Vectis ya ku England, imene imagulitsa zidole zakale pa okushoni, imaonetsanso mitengo imene zinthu zinapita. Sungani chithunzi cha tsamba lililonse limene mwatengapo mtengo. Ndikuganiza kuti mudzapeza chimene ambiri timapeza, chakuti mwa tigalimoto 140, tochepa chabe, mwina khumi kapena makumi awiri, ndi timene tanyamula mtengo wa gulu lonse, ndipo ta pa kaunjika tambiri mtengo wake ndi womwe munagulira. Zimenezi zisakukhumudwitseni, zikuthandizani kudziwa timene muyenera kutchula patokhapatokha m'pangano.

Mitengoyo muilembe m'mapaundi kapena m'madola momwe mwaipezera, ndipo ya makwacha ikhale m'danga lina limene mungasinthe. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anasiya mtengo wakale m'pangano lake anatsala ndi chitetezo chosakwanira osadziwa. Muwonjezerepo ndalama zotumizira ndi msonkho wa MRA, popeza kupezanso kagalimoto kotayika ndi kuitanitsa kunja.

Tsopano za inshuwaransi. Makampani monga NICO General, General Alliance, Britam ndi UGI amagulitsa inshuwaransi ya katundu, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kumene mungakadandaule mukasemphana nawo. Pali pangano loteteza nyumba yeniyeniyo ndi lina loteteza katundu wa m'nyumba. Ngati mukukhala m'nyumba ya sukulu, lanu ndi lachiwirili. Vuto lake ndi lakuti mapangano ambiri otere amaika malire pa ndalama zimene angalipire pa chinthu chimodzi kapena pa zinthu zosonkhanitsa, pokhapokha mutazitchula ndi kuvomerezana mtengo wake poyamba. Choncho pitani ndi kaundula wanu, pemphani kuti aphatikizidwe ku pangano, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, osati zongolankhula pakauntala.

Funsaninso za lamulo la kuchepetsa malipiro munthu akatchula mtengo wotsika. Ngati katundu wanu yense ndi wa K4 miliyoni koma inu mwalembetsa K2 miliyoni kuti muzilipira pang'ono, akuba akatenga wa K1 miliyoni kampani idzakupatsani theka lokha, K500,000, kenako idzachotsaponso gawo loyamba la chitayiko limene mwini amasenza yekha. Gawo limeneli mulidziwe bwino, chifukwa likakhala lalikulu kuposa mtengo wa kagalimoto kamodzi, ndiye kuti pangano lanu likukutetezani pa moto ndi pa kubedwa kwa kabati yonse basi. Mapangano ambiri amalipira kuba kumene kwachitika mothyola, ndipo amafuna lipoti la apolisi. Mwana wa mlendo akalowetsa ka Corgi m'thumba pa tsiku la chinkhoswe, palibe chimene mudzalandire, ndipo mwa njira zonse zotayira tigalimoto, imeneyi ndi imene ndaiona kawirikawiri. Loko wa pa kabati ndi wotsika mtengo kuposa inshuwaransi iliyonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa inu si akuba koma nyengo ya kwanuko. Kampani siilipira kuwonongeka kobwera pang'onopang'ono, monga dzimbiri, chuku, chiswe ndi mphemvu, ndipo Bembeke ndi malo a nkhungu ndi chinyezi, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Tigalimoto timeneti timapangidwa ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, ndipo takale kwambiri, timene zinki wake anali ndi mtovu, timatupa ndi kung'aluka tokha, chinyezi chikafulumizitsa matendawa, ndipo palibe mankhwala ake. Tizitsulo togwira matayala timachita dzimbiri, timabokosi timachita chuku. Ine ndinasiya katoni ya timabokosi pansi pa bedi nyengo imodzi ya dzinja pamene ndinkakhala ku Ntcheu, ndipo pofika April chiswe chinali chitadutsa m'mng'alu wa simenti n'kudya theka. Kabati yanu ikhale yotalikira pansi, isagunde khoma lakunja, isawombedwe ndi dzuwa la pawindo chifukwa limafwifwitsa penti, ndipo muikemo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, muzitisintha nthawi ndi nthawi.

M'kalata yanu mwatchula kuti muli ndi alongo awiri. Kampani imateteza katundu amene ali wanu kapena amene muli ndi gawo lodziwika, ndipo fomu yake idzafunsa mwini wake. Ngati chuma cha malemu sichinagawidwe mwadongosolo, khalani pansi ndi alongo anuwo pamaso pa amalume, mulembe pepala lonena kuti tigalimoto tili m'manja mwa yani ndipo ndi ta yani, onse asaine. Pepalalo mulimate patsamba loyamba la kaundula, ndipo mulijambule pamodzi ndi masamba enawo.