Fizi ya ana ndi msonkho wa ku Joni: kwa abale a ku Ntcheu ndi Dedza amene mwangofika

Alamu a ku Lizulu afunsa ngati ndi zoona kuti ukaika mwana pasukulu yapulaiveti ku Joni, SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, imakubwezera ndalama pakutha pa chaka. Akuti pali munthu akutolera malisiti a fizi, a yunifolomu, a mpira ndi a makalasi apadera, nkumalonjeza kuti ndalama ibwera, iye adyapo gawo lake basi. Alamu, zimenezo kulibe. Ku South Africa fizi ya mwana sichepetsa msonkho wanu, kaya sukuluyo ndi yaboma kaya yapulaiveti. Kusambira, piyano, thiransipoti, ulendo wa sukulu, zonsezo ndi ndalama za m'thumba mwanu. Chimodzimodzi fizi imene mukutumiza pa Mukuru kwa mwana wotsala ku Bembeke kapena ku Tsangano.

Choyamba yang'anani pepala lanu la malipiro. Ngati palibe mzere wolembedwa PAYE, umene ndi msonkho wodulidwa pa salale, ndiye kuti simunadulidwe msonkho, ndipo palibe choti akubwezereni. UIF imene amadula 1 peresenti si msonkho, ndi thumba lothandiza ntchito ikatha. M'chaka cha msonkho chimene chinatha mu February 2025, munthu wosafika zaka 65 wolandira ndalama zosapitirira R95,750 pachaka sankalipira msonkho nkomwe. Ambiri a ife amene timagwira m'magadeni, m'nyumba ndi m'mashopu tili pamenepa.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu akulira. Madobadoba amenewa amadziwa bwino kuti pa fomu ya msonkho, yotchedwa ITR12, palibe malo a fizi. Ndiye amaibisa pena. Ena amailemba ngati chopereka chachifundo, chifukwa lamulo, pa section 18A, limalola kuchotsera zopereka mpaka 10 peresenti ya ndalama zokhomeredwa msonkho. Koma chopereka ndi chimene simulandirapo kanthu. Fizi mwalandirapo maphunziro a mwana, ndipo sukulu siloledwa kukupatsani risiti ya 18A pa fizi. Ena amangopeka ndalama za kuchipatala kapena za maulendo a galimoto imene mulibe. Ndalama imatha kulowadi mu akaunti, dobadoba nkutenga zake. Kenako imabwera kalata yoti tumizani mapepala a umboni pasanathe masiku 21 ogwira ntchito. Pamenepo foni yake sikugwiranso. Fomu ili m'dzina lanu, choncho obweza ndinu, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi chindapusa, chimene pa kuzemba mwadala chimatha kufika 200 peresenti.

Chowawa nchakuti ambiri ochita izi ndi akwathu omwe. Amakulankhulani Chichewa, amakufunsani za mbatata ya ku Dedza, amadziwa kuti munadutsa pa Calomue ndi pa Beitbridge ndi mtima uli m'mwamba ndipo ofesi iliyonse yaboma mumaiopa. Amadyera mantha amenewo. Akangopempha password ya eFiling, akaunti yanu ya SARS ya pa intaneti, ndi nambala yobwera pafoni ija, akaneni. Akailowa amatha kusintha akaunti ya banki, ngakhale ndalama yanu yoona nkumapita kwina. Wolemba mafomu a msonkho molipiritsa ayenera kukhala wolembetsedwa ku SARS, ndipo amakhala ndi nambala yoyamba ndi PR. Mufunseni nambalayo musanamupatse IRP5, pepala lochokera kwa abwana losonyeza malipiro anu ndi msonkho umene munadulidwa.

Njira yeniyeni imene ilipo imadzera kwa abwana. Kampani ikalipirira mwana wanu sukulu ngati bursary, ndalamayo siwerengedwa monga malipiro anu mpaka pamalire ena. M'chaka chija chotha mu February 2025 malire anali R20,000 pa mwana wa Grade R mpaka Grade 12, ndi R60,000 pa maphunziro apamwamba, bola malipiro anu asapitirire R600,000 pachaka. Malirewa amasinthidwa pa bajeti, funsani ku ofesi ya malipiro. Koma kuyambira pa 1 March 2021, ngati abwana akudula salale yanu nkuitcha bursary, msonkho umakhomedwabe. Iyenera kukhala ndalama yoonjezera pamwamba pa salale.

Amene muli ndi mwana wolumala nkhani ndi ina. Dokotala amalemba fomu ya ITR-DD, ndipo zina mwa ndalama zimene mumawononga chifukwa cha ulumaliwo, kuphatikizapo gawo la fizi ya pasukulu yapadera, zimawerengedwa ngati za kuchipatala. Amachotsa 33.3 peresenti yake pa msonkho. Ndi gawo chabe, osati fizi yonse, ndipo popanda fomuyo musayese.

Ngati vuto ndi loti fizi yakulemerani, musasake mpumulo ku SARS. Pitani kusukulu. Masukulu aboma a m'madera osauka, amene ali m'magulu otchedwa quintile 1 mpaka 3, salipiritsa. Pasukulu yaboma yolipiritsa mungathe kupempha fomu yokhululukiridwa fizi ku komiti yoyendetsa sukulu, SGB. Fizi ikaposa 10 peresenti ya zomwe makolo onse awiri mumapeza pachaka, amakhululukira yonse, ikacheperapo amatha kuchotsako. Kupulaiveti kulibe zimenezi, kumeneko munasayina kontilakiti. Timasukulu tina ta pakati pa tauni timakopa akwathu ponena kuti sitifunsa mapepala ambiri. Muyambe mwaona chikalata chosonyeza kuti analembetsa ku dipatimenti ya maphunziro ya m'chigawocho.

Mphekesera zoti fizi imachepetsa msonkhozi zimachokera pa Facebook, pamene anthu amasakaniza malamulo a maiko. Ku Germany ndi zoona, pa ndalama zokhomeredwa msonkho amachotsera 30 peresenti ya fizi mpaka €5,000 pa mwana pachaka. Ku UK ndi zosemphana: kuyambira pa 1 January 2025 fizi yapulaiveti anaiikira VAT ya 20 peresenti.

Kwa inu a ku Joni, chaka cha msonkho chimayamba pa 1 March nkutha kumapeto a February, mafomu amatsegulidwa mu July. IRP5, satifiketi ya medical aid ndi malisiti onse muzisunge zaka 5, ndipo muzijambule pafoni chifukwa malisiti a m'mashopu amafufutika.