Ma coyote akutha mbuzi ku Texas, ndigule chani choyamba?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amagwira ntchito pa famu ya mbuzi kumadzulo kwa Texas. Akuti ma coyote akuwathera tiana ta mbuzi usiku, abwana awalola kuti aziwasaka pafamupo, nde funso lawo ndi loti ndalama ndi zochepa, agule thermal kapena night vision, nanga mfuti yake ikhale iti. Kwa a kumudzi omwe simunamuonepo, coyote ali ngati nkhandwe koma wokulirapo, makilo 10 mpaka 20 umu.

Achimwene, tisanafike ku shopu tione kaye mapepala. Ku Texas coyote mutha kumusaka chaka chonse, ndi usiku omwe, bola pakhale pamalo a munthu ndipo mwiniwake wavomera. A Texas Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amanenanso kuti ngati coyote akugwira ziweto laisensi sifunika, koma inu musatengeke nazo zimenezo. Lamulo la federal limaletsa munthu amene ali pa visa ya ntchito kapena ya sukulu kugwira mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo chimodzi mwa izo ndi kukhala ndi laisensi yosakira yomwe sinathe. Wa green card alibe vuto limeneli. Amene mapepala anatha asayerekeze nkomwe kuikhudza. Ngati munabadwa pa 2 September 1971 kapena kutsogolo kwake mukufunikanso kosi ya hunter education, yophunzitsa kusaka mosamala. Ndipo muziimbira game warden (woyang'anira malamulo osakira) wa dera lanu musanatuluke, anthu akamva mfuti pakati pa usiku sachedwa kuitana apolisi.

Tsopano zoonera, apa ndi pomwe ndalama yanu ipite. Thermal imaona kutentha kwa thupi, mdima wa ndiweyani koma inu mukuona kanthu koyera kakuyenda patali mamita mazanamazana. Vuto lake imakuuzani kuti uko kuli chamoyo, osati kuti ndi chani. Galu wa neba, kamwana ka ng'ombe kogona mu udzu, ngakhale galu wolondera mbuzi zanu zomwezo, patali zonse zimangooneka chimodzimodzi makamaka pa sensa ya mapikiselo 384, ya 640 imaonetsa bwino koma mtengo wake mungagwire m'mutu. Night vision ya digito imagwira ntchito ndi tochi ya IR (infrared, kuwala komwe maso athu saona), chithunzi chake mumaona makutu, mchira ndi mayendedwe, koma siyifika patali ndipo chifunga, fumbi kapena udzu wautali wapafupi zimabweza kuwala mpaka osaona kanthu. Tochi ya 850nm imafika patali koma imatulutsa kakufiira pang'ono, ya 940nm sioneka koma ndi yofookerapo.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula thermal ya m'manja, ya AGM kapena Pulsar ya 384 ikukwana, nkuika night vision yotchipa ngati Sightmark Wraith pamfuti. Mukusaka ndi ya m'manja, mukuzindikira ndi ya pamfuti, kenako mukuombera. Anthu ambiri amathamangira kugula thermal ya pamfuti yokha, nde usiku onse akuzungulitsa mfuti uku ndi uku kufunafuna, kuloza khola, kuloza nyumba ya antchito, mkono nkutopanso ndi kutopa komwe. Zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono. Ngati zonse ziwirizi zakukanikani yambani ndi tochi yofiira, maso a coyote amawala bwinobwino, kungoti muzimuunika ndi m'mphepete mwa kuwala osati kumuthira yonse kumaso.

Mfuti musavutike nayo. Ngati abwana ali ndi .223 Remington basi yakwana, zipolopolo zake zimapezeka paliponse ndipo sizidula. .22-250 imaponya mowongoka patali, shotgun ya 12 gauge ndi zipolopolo za #4 buck ndi ya pafupi, mayadi 40 kutsika. Chomwe musasiye ndi tripod yoikapo mfuti, ndipo sikopu muisete masana pa mayadi 100, muonenso komwe kuli nyumba, misewu ndi ng'ombe, chifukwa usiku kuseli kwa coyote simuonako.

Choitanira, FoxPro ya remote, sipika yoliza kulira kwa nyama, ndi yabwino, koma kakaliro ka pakamwa ka madola ochepa kamaitanaso ndithu. Kulira kwa kalulu wogwidwa ndi komwe ambiri amayambira, ndipo January mpaka March nthawi yokwerana amayankha kwambiri kulira kwa anzawo. Muyambe motsitsa voliyumu. Mphepo nde nkhani yaikulu achimwene, coyote sabwera molunjika, amazungulira kumunsi kwa mphepo kuti anunkhize kaye, nde sipikayo muiike mayadi 30 kapena 50 kumtunda kwa mphepo, inu mukhale poti mukuona mbali yomwe fungo lanu likupita. Mphindi 20 kapena 30 palibe chabwera, samukani. Mabatire apadera muziika m'thumba lamkati mwa jekete, kuzizira kumawamaliza msanga.

Abwanawo muwauzenso kuti mukapha awa ena amalowa m'malo mwawo, nde nthawi yoswa mbuzi zizigona pafupi ndi nyumba, ndipo aganizire za galu wa Great Pyrenees kapena bulu wolondera mbuzi. Galuyo akabwera mumuveke kolala yowala, ndipo usiku omwe mukusaka galuyo azikhala omangirira.