Funsani Ankolo: Ndimafuna udokotala koma andisankhira za labu

Ankolo moni. Ndine mtsikana wa zaka 20. Kuyambira ku pulayimale aliyense amangonditchula kuti adokotala chifukwa masamu ndi sayansi ndimakhoza, MSCE ndinakhozanso bwino ndithu koma mayina atatuluka anandisankha kukachita za labu osati MBBS, digiri ya udokotala, yomwe ndinaika poyambirira. Pano ndili chaka chachiwiri, mayeso ndikukhoza koma mtima kulibeko, ndiye kunyumba mayi amauzabe anzawo a kumvano kuti mwana wanga akuphunzira udokotala ine ndimangoti zii. Ndisiye ndikalembenso Fomu 4 kapena ndipirire? Sindikuona komwe ndikulowera.
Wosokonezeka, Chilobwe

Mwana wanga, za Fomu 4 zo ziiwale kaye. Ndikufunse, udokotala ukuuliriwo unauonapo pafupi, kapena unangoona gauni yoyera ndi chopimira chija chokoloweka m'khosi? Sindikunyoza ayi, ana ambiri okhoza sayansi kuno kwathu amakula akudziwa ntchito ziwiri basi, dokotala ndi nesi, chifukwa ndi amene timawaona tikadwala. Wa labu sitimuona, timangoona kawindo kolandirira zotsatira.

Koma taganiza mwana wabwera ku Gulupu usiku thupi lili moto, khosi lauma gwaa, akukomoka. Dokotala akhoza kuganizira malungo okhudza ubongo kapena matenda oumitsa khosi koma kuganizira si kudziwa, amamubaya chala, amatenga timadzi ta pamsana m'kabotolo, ndipo amene amaika timadzito pa galasi, kutipaka utoto, kuyang'ana pa maikulosikopu n'kunena kuti muli tizilombo takutitakuti ndi munthu wa kozi yakoyo. Mayi akutaya magazi atabereka, amene amaonetsetsa kuti paketi ya magazi ikugwirizana ndi ake ndi wa labu, akalakwitsa pamenepo palibe dokotala angabweze. Makhololo a munthu wotsokomola amalowa m'makina otchedwa GeneXpert, pakangotha maola awiri mwadziwa ngati ndi TB komanso ngati ndi TB yosamva mankhwala a rifampicin.

Ndikupatse nkhani ya mu Blantyre momwemuno. Ku Queens, ku Gulupu komwe kuja, akafukufuku a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akupima magazi a odwala otentha thupi kwa zaka zambiri, kumeretsa tizilombo m'mabotolo n'kumalemba zomwe apeza tsiku ndi tsiku, ntchito yooneka yotopetsa kwabasi. Cha m'ma 2011 mabotolo aja anayamba kuonetsa kuti tayifodi yakwera mwadzidzidzi ndipo siikumva mankhwala omwe tinazolowera. Umboni ngati umenewo ndi womwe unathandiza kuti mu 2018 kafukufuku wa katemera watsopano wa tayifodi achitikire ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pa ana pafupifupi 28,000, katemerayo anachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 peresenti ndipo mu 2023 boma linamupereka kwa ana dziko lonse. Zingwangwa ndi Chilobwe ndi poyandikana, mwina adzisuweni ako ena anabayidwa nawo. Zonsezo zinayambira pa benchi ya labu.

Cholinga sichimagwa kumwamba ngati mvula kuti udikire pakhonde, chimabwera ukasendera pafupi ndi vuto linalake mpaka litayamba kukusowetsa tulo. Ndiye holide ikubwerayi usangokhala pa TikTok, pempha malo odzipereka pa labu iliyonse ngakhale ya pa helefi senta, ndipo ukamapita ku ma practical uzitsatira sampulo imodzi kuchokera pa bedi la wodwala mpaka zotsatira zitabwerera ku wodi. Uone chomwe chikukukoka, kaya ndi magazi, kaya tizilombo, kaya kansa, mwinanso manambala chifukwa akafukufuku amasowa anthu odziwa labu ndi kompyuta pamodzi.

Sindikunamiza kuti ntchito zili mbwee. Boma limalemba mwa apo ndi apo ndipo ambiri amayambira pa makontirakiti a kafukufuku a chaka chimodzi kapena ziwiri, koma vuto limenelo madokotala ndi manesi achinyamata akulidziwanso. Ndipo uwerengere bwino, MBBS ndi chaka chokonzekera chotchedwa premed, zaka 5 za kozi, kenako miyezi 18 ya internship a Medical Council asanakupatse chilolezo chonse. Ukamaliza digiriyi mtima ukadali komweko, kugogoda ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS uli ndi digiri ya sayansi m'manja n'kwanzeru kusiyana n'kubwerera pa desiki la Fomu 4 kukapikisananso ndi ana a chaka chino. Amayiwo khala nawo pansi uwafotokozere za paketi ya magazi ija, azimayi a kumvano nkhani ya kutaya magazi pobereka amaidziwa kuposa iwe ndi ine.

Ankolo, mnyamata wanga ali Fomu 3 ndipo Physics amakhoza kwambiri. Ine ndikufuna adzakhale dokotala koma iye akangoona magazi ngakhale a nkhuku amachita chizungulire, ntchito yake kumasula mawailesi ndi mafoni a anthu m'nyumba muno mpaka tinayambana. Ndimulimbitse mtima bwanji?
Bambo wodandaula, Bangwe

Bambo, zikomo polemba, koma ine pankhaniyi ndili mbali ya mnyamatayo, mundikhululukire. Mukadzapezeka pachipatala china chilichonse chachikulu mudzafunse komwe amasunga makina owonongeka, mudzapeza ma concentrator a okosijeni, zoyamwira mamina, mabedi otenthetsera makanda zitaunjikana, zina vuto lake ndi kafyuzi kapena sefa yodzadza fumbi koma woikonza palibe. Munthu wokonza zimenezo amapulumutsa anthu osakhudza dontho la magazi.

Makanda obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa mapapo amakhala asanakhwime, makina owathandiza a kunja ndi odula zedi. Ophunzira ndi mainjiniya a ku Rice University ku Houston pamodzi ndi madokotala a ana a ku Queens anapanga makina otchipa otchedwa Pumani, oyambirirawo anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mathanki oweteramo nsomba zokongoletsa m'nyumba, ndi botolo la madzi lomwe limachita thovu kusunga mphamvu ya mpweya m'mapapo a khanda. Lero makinawa ali m'zipatala zambiri za m'maboma muno ndi m'mayiko ena. Kozi yake ndi Biomedical Engineering, ilipo ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly mpaka 2021, komanso ku MUST ku Thyolo. Ntchito yanu ndi kumukakamiza pa masamu, Physics, Chemistry ndi Chingerezi kuti mapointi adzalole, ndipo mumugulireko multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ku Limbe asiye kuyesera pa wailesi yanuyo.

Ankolo ine ndine clinical officer, ndagwira zaka zingapo pa helefi senta ina kunja kwa tauni. Mzere wa odwala sutha, mankhwala nthawi zina kulibe, ndimangolemba LA ndi panado kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chidwi chomwe ndinali nacho ku koleji chinatha, ndayamba kukalipira odwala ndipo ndikuganiza zongoyamba geni.
Wotopa, Lunzu

Achimwene, kukalipira odwalako ndi chizindikiro choti mwatopa, sikuti ntchitoyi mwasiya kuikonda, ndiye choyamba tengani tchuthi chanu chonse chomwe mwakhala mukuchisunga, mugone. Geni yambani yapambali, palibe cholakwika, malipiro ake tonse tikuwadziwa.

Mukabwerako musankhe mbali imodzi yoti muzame nayo. Dziko lino maopaleshoni ambiri a m'zipatala za m'maboma, kuphatikizapo ochotsa mwana m'mimba, amachita ndi ma clinical officer, ogonetsa odwala ku fiyeta ambiri ndi iwonso, a mafupa chimodzimodzi, ndipo KUHeS ili ndi madigiri opitirizira anthu a dipuloma ngati inu. Taonani m'kaundula wanu wa miyezi itatu yapitayi, ndi odwala ati omwe mumawakumbukirabe mukafika kunyumba, ana okomoka, amayi oyembekezera, a shuga ndi BP omwe akuchuluka masiku ano kapena a matenda a maganizo omwe aliyense amawathawa? Kalata yopempha kupita kusukulu mukailembe pa amenewo, ndipo muipereke kwa abwana anu msanga chifukwa chilolezo cha tchuthi cha maphunziro chimatenga nthawi kuti chituluke.